Girisi pa Nthambi za Mkuyu

Amuna anga amaweta mavu. Ndikanena choncho anthu amaseka, ena amandiyang'ana ngati ndawatukwana, koma ndi zoona. Si mavu aja omanga zisa pakhonde n'kukutupitsa diso ayi. Awa ndi timavu tating'onoting'ono, tosaposa mutu wa pini, timene timabadwira m'kati mwa nkhuyu. Mumsewu wathu wonse dzina lawo lenileni linaiwalika, aliyense amangoti a Mavu, ndipo ine ndine Mayi Mavu, ndifune ndisafune.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo yogulitsa misomali ndi utoto, pakati pa wokonza mafoni ndi wometa. Tinadziwana pomwepo. Anabwera ndi neti yakale ya udzudzu kuti ndiwasokere timatumba tovekera nkhuyu zili mumtengo. Ine pofuna kucheza ndinati, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Munthu wamba akanangoseka. Iwo anakhala pabenchi ya makasitomala n'kunena kuti, "Si nyerere zimene zija, a telala." Anafotokoza mpaka mwini sitolo anatseka zitseko. Ndikanakhala wochenjera ndikanathawa tsiku lomwelo.

Nkhani yake ndaimva kambirimbiri moti nditha kuinena ndili m'tulo. Maluwa a mkuyu ali m'kati mwa chipatso. Kamavu kakakazi kamachokera ku mtengo wina katanyamula mungu, kamapeza kabowo kunsonga kwa nkhuyu yaiwisi n'kudzikankhiramo. Kabowoko n'kothina moti mapiko amathothoka, tinyanga n'kuduka. Kakalowa kalowa, kulibe zotuluka. Kamayenda pamaluwa paja kukusiya mungu, kuikira dzira apa, dzira apo, kenako n'kufera momwemo. Ana akakhwima, oyamba kuswa ndi aamuna, opanda mapiko. Ntchito zawo ndi ziwiri basi, kukwatira ndi kuboola khomo loti akazi atulukire. Akatero amafa. Ndinawauza amuna anga kuti amuna oterowo ndiye abwino, sazengereza pa ntchito. Sanaseke.

Kafukufuku wawo wa digiri anali pa mfundo imodzi. Akuti mayi akalowa yekha mu nkhuyu amaikira ana aakazi ambirimbiri, aamuna ochepa chabe, ongokwanira kuboola khomo. Akalowa amayi awiri kapena atatu, aamuna amachuluka. Iwo amafuna kuona ndi maso awo kuti zimaterodi. Choncho amalowetsa okha timavu mu nkhuyu, kudikira zikhwime, kuzithyola, n'kuwerenga ana onse mmodzimmodzi. Pofuna nthawi yochitira zimenezi anasiya uphunzitsi wa kusekondale, n'kumangophunzitsa maola ochepa pakoleji.

Tili ndi mwana mmodzi wamkazi. Anabadwa wamng'ono, wozungulira nkhope, ndiye ndinamutcha Kabatani ndipo dzinalo linamukakamira. Nyumba yathu ili ndi zipinda zogona ziwiri. Chachiwiricho chinali chake, koma timabotolo ta bambo ake tinayamba kulowamo pang'onopang'ono. Poyamba pawindo, kenako pa shelefu ya zidole, kenako tebulo lathunthu lokhala ndi malezala, sipiriti wosungira tizilombo takufa ndi maikulosikopu, makina aja okuza tinthu tosaoneka bwino.

Tsiku lina, Kabatani ali ndi zaka zitatu, ndinamupeza atavundukula mabotolo onse. Timavu tili yakaliyakali pawindo, iye kabotolo ka sipiriti kali pakamwa. Sanamwe, Mulungu ngwabwino. Bambo ake anamunyamula, anamuyang'ana m'kamwa, kenako maso awo anapita pawindo paja. Ntchito ya miyezi yambiri inali itauluka.

Maganizo oti mwana akayambe wakhala kwa mng'ono wanga anali awo, koma ine ndinavomera. Mng'ono wangayo amakhala tauni ina, ulendo wa theka la tsiku pa basi, ndipo ali ndi ana atatu. Pafoni anati, "Mubweretseni achemwali. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji wa inu?" Tinagwirizana kuti akhale kumeneko mpaka nkhuyu zipse.

Vuto ndi loti mkuyu suyendera kalendala. Nkhuyu zoyamba zinapsa amuna anga atagona ndi malungo, mileme n'kudya zonse. Kenako mtengo unangokhala chete, masamba okhaokha, ngati ukutinyanyala. Chaka chinatha, china n'kutha, chinanso n'kuyamba. Kabatani anayamba sukulu kumeneko. Dzino lake loyamba linaguluka ine kulibe, ndinangomva pafoni. Poyamba ndinkapita pafupipafupi, koma telala akatseka makina makasitomala amapita kwina, ndipo nyumba yonse imadya pa makina amenewo. Maulendo anayamba kutalikirana. Ndinkamusokera madiresi potsata miyeso yonditumizira pafoni, ndipo akamafika amakhala atafupika kale. Zinkandiwawa, ndipo ndinkawauza bambo ake tsiku ndi tsiku kuti zikundiwawa.

Mtengo utayambanso kutulutsa tinkhuyu, ndinawaimitsa pakhomo akupita kuntchito.

"Bambo a Kabatani, izi ndi zomaliza. Zipse, zisapse, mwana wanga akubwera."

"Zipsa, mayi. Ulendo uno sindichoka pansi pa mtengo."

Mkuyuwo uli kuseri kwa koleji, pafupi ndi galaja yokonzera magalimoto a pasukulupo. Ndi chimtengo chachikulu, chakhungwa lachikasu, ndipo nkhuyu zake zimamera mothithikana pa tinthambi topanda masamba totuluka pa thunthu. Wowayang'anira pa kafukufukuyu ndi a Pulofesa, mayi wachikulire wamfupi wokonda nsapato zachimuna. Iwo ndi amene anayala kachitidwe kake. Nthambi zivekedwe matumba nkhuyu zikadali zazing'ono kuti timavu tam'tchire tisalowe. Zikafika msinkhu, alowetse timavu tawo. Kabowo kakatsekeka, matumba achotsedwe, chifukwa mvula ikagwa nkhuyu zimaola m'thumba. "Kupatula pamenepo," anatero a Pulofesa, "mtengowo muusiye mmene ulili."

Tsiku lolowetsa timavu ndinatseka makina kuti ndikawagwirire makwerero. Timavu timeneto anakatitenga ku mkuyu wina kutali, ndipo tikatuluka sitikhalitsa, tsiku limodzi kapena awiri tafa. Choncho kunalibe zomwa tiyi. Anakwera ndi kaburashi kopentera zithunzi, ine ndili pansi ndi botolo. Amanyowetsa kaburashi, kutola kamavu kamodzi, kukaika pafupi ndi kabowo, n'kudikira kalowe. Munthu amene sangathe kulowetsa ulusi pasingano, pamenepa dzanja silinjenjemera n'komwe.

Koma mtengowo uli ndi eni ake, nyerere zofiira zoluma ngati moto. Atangomasula thumba loyamba, zinafika. Kamavu kena kanali katalowetsa kale mutu, nyerere n'kukagwira kumbuyo, kukasolola, ulendo.

"Iwe!" anakuwa amuna anga.

Ndinayesa akunena ine. Ayi, amakalipira nyerere. Kachiwiri kanapita chimodzimodzi, kachitatu kanagwidwa kasanafike n'komwe pabowo. Anatsika makwerero maso ali psuu, analowa m'galaja muja, n'kutuluka ndi chitini cha girisi wakuda chopempha kwa makaniko. Anapaka girisi kuzungulira patsinde pa nthambi iliyonse yokhala ndi nkhuyu zawo, kuti nyerere ikafika pamenepo ikanirire kapena ibwerere. Zimene zinatsalira kumtunda anazipukuta ndi chiguduli.

"A Pulofesa aja sanati mtengo muusiye mmene ulili?" ndinafunsa.

"Iwo amaopa ta michira," anayankha akupukuta manja. "Kuli mtundu wina wa timavu, ta michira italiitali. Ito sitilowa m'kati. Timaima panja pa nkhuyu, kubaya khungu ndi mchirawo, n'kuikira dzira pamene pali kale mwana wa mnzake. Kamphutsi kake kamadya mwana uja. M'mabuku amati nyerere zimatithamangitsa. Koma mtengo uwu ndauyang'ana zaka zonsezi, ta michira pano ndi tosowa. Ukaona kamodzi ndiye kuti wachita mwayi."

Sindinatsutse. Nyererezo zinali zitandiluma mpaka m'ntchafu, ndipo ndikanapatsidwa mpata ndikanaziotcha zonse. Ntchito inayenda bwino kuyambira pamenepo. Pofika masana nkhuyu zonse zinali ndi amayi ake, zina mmodzi, zina awiri, zina atatu, iliyonse atailemba kadontho ka utoto wosiyana.

Mabowo atatsekeka anachotsa matumba monga anauzidwira. Girisi yekha ndiye sanamuchotse. Akaona kuti fumbi lamukwirira amapakanso wina, mpaka makaniko anayamba kubisa chitini. Nkhuyu zinakula bwino, zosalala, zopanda nyerere ndi imodzi yomwe. Ine ndinamuimbira mng'ono wanga kuti ayambe kumuuza mwana za ulendo. Kabatani atapatsidwa foni anangoti ali bwino, n'kuthamangira kosewera.

Amuna anga anatanganidwa ndi mayeso a ophunzira awo kwa masiku angapo osapita kumtengo. Loweruka lake tinapita limodzi, ndipo woyamba kuona ndinali ine.

"Taonani kukongola!" ndinatero.

Nkhuyu iliyonse inali ndi tizilombo tobiriwira, tonyezimira padzuwa. Tinali titaima monyanyamphira, kamchira katapindika n'kulunjika pansi, kakulowa m'khungu pang'onopang'ono ngati singano pa nsalu yolimba. Pa nkhuyu imodzi tinalipo tambiri moti tinkapondana. Sitimathawa, sitimafulumira, chifukwa panalibe wotisokoneza.

Amuna anga anakhala pa sitepe yoyamba ya makwerero, manja ali pamutu.

"N'chiyani?"

"Ta michira."

"Si munati pano ndi tosowa?"

"Tinali tosowa chifukwa nyerere zimatidya."

Anavula shati n'kuyamba kupukutira girisi uja, wina ndi zikhadabo. Anakwera, kuthamangitsa tizilomboto ndi manja, koma akachoka pa nthambi iyi timatera pa iyo. Nyerere nazo zinali zitasintha njira, zinatenga nthawi kuti zibwerere. Ndipo mazira anali atalowa kale. Makaniko anatuluka m'galaja kudzaonerera munthu wophunzira akumenyana ndi mphepo ali chifuwa pamtunda.

Panjira yobwerera kunyumba anayamba kudzilimbitsa mtima. Akuti ta michira sitingadye ana onse, ena apulumuka, owerenga apezeka.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

"Ine ndadekha mpaka nkhonoyo yakalamba," ndinawayankha.

Nkhuyu zitayamba kufewa anazithyola mileme isanazione. Iliyonse anaiika m'botolo lakelake, kukamwa atamanga kaneti. Matiresi a mwana anawaimika kukhoma, mabotolo n'kuwandanda pa matabwa a bedi lake. M'mawa uliwonse amalowamo asanasambe n'komwe kumaso. Nkhuyu za amayi awiri ndi atatu zina zinabooka, koma zotulukamo zambiri zinali za michira, timavu tawo tochepa chabe. Za mayi mmodzi, zimene zinali mtima wa kafukufuku yense, palibe ndi imodzi yomwe inabooka. Zinangokhala m'mabotolo mpaka kuyamba kununkha ngati mowa wosasa.

Tsiku lina ndikukonzeka kupita kumakina anandiitana. Anali atang'amba nkhuyu imodzi pakati ndi lezala n'kuiika pansi pa maikulosikopu.

"Taonani."

Ndinatsinzina diso limodzi monga anandiphunzitsira. M'katimo munali manda. Timavu tatikazi tinali titafera m'tizipinda tawo, mapiko athunthu, osagwiritsidwapo ntchito. Ta michira tinali titaswa, koma nato tinali titafa, titaunjikana m'mbali mwa khungu.

"Nanga akubawa afa bwanji?"

"Sadziwa kuboola. Amadikira amuna a eni nyumba awatsegulire. Mayi akakhala yekha amaikira aamuna ochepa, ndinakuuzani. Ochepawo adyedwa. Ndiye panalibe wotsegula khomo."

Anang'amba ina, ndi ina. Zonse chimodzimodzi. Ndinawamvera chisoni, zoona, chifukwa munthuyo anali atawonda ndipo manja ake amanunkhabe girisi. Ndinawasisita pamsana. Mumtima ndinati basi, zatha moipa koma zatha, mwana abwere.

A Pulofesa anafika masana a tsiku lotsatira. Anakana kukhala pabalaza, analunjika kuchipinda kuja. Ine ndinapita kukatereka tiyi, khutu lili komweko, ndikudikira kuti amuna anga alandire zawo. Koma kunali zii. Nditalowa ndi thireyi ndinapeza mayiyo atawerama pa maikulosikopu, magalasi ali pamphumi.

"Ee," ankatero. "Ee. Inanso." Anawongoka. "Girisiyo munapaka nthambi zingati?"

"Zonse, a Pulofesa."

"Zonse? Osasiyako ndi imodzi yomwe ya nyerere?"

"Zimandidyera timavu."

"Ndiye tiyerekeza ndi chiyani, bambo inu?" Anawomba m'manja, koma nkhope yawo inali yowala. "Mukudziwa chimene mwapeza? Mwachotsa nyerere, nyumba yonse yagwa, mpaka akuba omwe afera m'kati. Izi zikuposa funso lanu loyamba lija. Koma palibe angakhulupirire popanda nthambi zoyerekezera. Mubwereze. Theka mupake girisi, theka musiyire nyerere."

"Liti?" Ndinafunsa ndine.

A Pulofesa ananditembenukira ngati akundiona koyamba. "Mtengo ukadzaberekanso, mayi."

"Udzabereka liti?"

Anatambasula manja. "Umadziwa wokha."

Ndinayang'ana amuna anga. Ndinkayembekeza kuti anena kanthu. Koma nkhope ija inali yakugwa m'mawa inali itayamba kudzuka, maso akuyendayenda pamabotolo, akuwerengera kale nthambi m'mutu. Chimenecho ndiye chinandipsetsa mtima kuposa girisi, kuposa zaka zonse zija.

"Ndiye kuti chipindachi chikhale kaye mmene chilili," anatero, osandiyang'ana.

Ndinatsitsa thireyi pa tebulo, pakati pa malezala, makapu n'kugundana.

"Mwana akubwera mawa."

"Mayi a Kabatani, tamverani kaye. Muno muli sipiriti, muli..."

"Mabotolo anuwa muwatengere kuchipinda kwathu muzigona nawo, ine ndizigona muno ndi mwana wanga. Kapena mukawapachike mumkuyu momwemo. Mawa akubwera."

A Pulofesa anatsitsa magalasi pamphuno. Anayang'ana matiresi oimikidwa kukhoma aja, kenako bedi lalifupilo.

"Kodi muli ndi mwana?"

Munthu wagwira nawo ntchito zaka zonsezi, amadziwa mwendo uliwonse wa kamavu, koma za mwana sanauzidwepo. Ndinawafotokozera mwachidule kumene ali ndi chifukwa chake.

"Koma bambo inu," anatero mayiyo motsitsa mawu, "kuseri kwa ofesi yanga kuli kachipinda kongosungira mipando yothyoka. Bwanji simunanene?"

"Timavu timatuluka m'mamawa kwambiri," anayankha amuna anga. "Ndimafuna ndizikhala pafupi."

Ndinatuluka ndisanalankhule mawu oti ndidzawapepese. Tiyi anathira okha.

M'mawa mwake ndinakwera basi yoyamba. Ndinasiya amuna anga akulongedza mabotolo m'makatoni, lililonse akulikulunga m'nyuzi ngati dzira. Njira yonse ndinkakonza zokamuuza mwana, kuti chipinda chake chabwerera, kuti sukulu ya pafupi ndi makina anga ili ndi katungwe, kuti azidzakhala pambali panga akaweruka n'kumanditolera mapini.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Mng'ono wanga amakhala m'nyumba za mdadada, zitseko zoyang'anana, zingwe zoyanikira zovala zitadutsa pakati. Ana anali pabwalo akudumpha chingwe. Ndinamuzindikira ndi diresi, lija ndinasoka ndi nsalu yotsala ya makatani a kasitomala, tsopano lili pamwamba pa mawondo. Anali atatalika, tsitsi atamuluka mizere imene ine sindiitha.

"Kabatani!"

Anasiya chingwe n'kubwera, osathamanga. Anandilandira chikwama ndi manja awiri, mwaulemu, monga mwana wolangizidwa bwino amachitira ndi mlendo. Kenako anatembenukira kukhomo n'kukuwa.

"Amayi! Kwabwera amayi aakulu!"

Mng'ono wanga anatuluka akupukuta manja pa chitenje. Anali atamva, ndipo anaona kuti nanenso ndamva.

"Amangotengera anzakewa, achemwali. Ndimamuuza, koma mukudziwa ana."

"Palibe kanthu," ndinatero. Koma kanthu kanalipo. Ndipo ndinalibe womukalipira, chifukwa mng'ono wangayo anangochita zimene tinamupempha, ndipo anazichita bwino.

Tinalongedza zovala tili awiri, mng'ono wangayo atakhala pa bedi limene mwana wake wamkazi amagona ndi Kabatani. Amapinda kadiresi, kukasalaza, kukapindanso. Anandiuza kuti mwanayo sadya mazira owiritsa, kuti akamadwala safuna kufunditsidwa kumutu, kuti amaopa agalu koma amachita manyazi kunena. Ndinkangogwedeza mutu. Zonsezo sindimazidziwa. Pomaliza anatembenukira kukhoma n'kupukuta m'maso, ine n'kuchita ngati ndikulimbana ndi zipi ya chikwama.

Anatiperekeza mpaka pamsewu waukulu n'kubwerera msanga. Tinatsala awiri pamalo odikirira basi. Kabatani anakhala pa chikwama, miyendo ili lendelende, akuyang'ana nsapato zake. Patapita nthawi anadzutsa mutu.

"Kwanuko ndikakhala masiku angati?"

"Ndi kwanu kumeneko, mwanangu. Ndi kunyumba."

Anaganiza kaye, lilime lili pa mpata wa dzino.

"Koma Lolemba ndili ndi sukulu. Amayi akudziwa kuti mukandibweza?"

Ndinamuuza kuti tikambirana tikafika. Basi itabwera ndinamukhazika kuwindo, ndipo anakhala atapotoloza khosi kuyang'ana kumbuyo mpaka tinatuluka m'tauni.